Musathamangire ku view, pempho limafera m'njira

Kwa ine, wophunzira aliyense wa Django, chida cha Python chopangira mawebusaiti, ayambe wadziwa njira imene pempho limadutsa asanaloweze kalembedwe ka ma model (code yofotokoza zosungidwa mu database). Ambiri tsamba likangokana kutseguka amakasanthula view (code imene imakonza yankho la pempho), pomwe pempholo silinafikeko n'komwe.

Munthu akadina batani, browser imatumiza pempho la HTTP, ndipo pa seva zambiri woyamba kulilandira ndi Nginx, pulogalamu yokhala pakhomo pa seva, osati Django. Nginx wosasinthidwa salola pempho loposa 1 MB: amangobweza 413, nambala yonena kuti pempho lakulitsa, ndipo mu log ya Django simupezamo kalikonse. Likadutsa apo limapita kwa Gunicorn, pulogalamu yoyendetsa code ya Python, amene amalipereka kwa Django kudzera mu WSGI (njira yolumikizira seva ndi Python), kenako lisanduka HttpRequest, mmene Django amasungira pempho.

Pagona nkhani ndi pa middleware, tizigawo ta code timene pempho limadutsamo lisanafike ku view. Mndandanda wa MIDDLEWARE mu settings.py umatsatidwa kuchokera pamwamba kutsika pansi pempho likamalowa, yankho nalo limabwerera chokwera. Middleware iliyonse ili ndi mphamvu yoduliratu ulendowo n'kuyankha yokha. Mukaika AuthenticationMiddleware pamwamba pa SessionMiddleware zonse zimaima, chifukwa yoyambayo imafuna session (zokumbukira za mlendo pa webusaiti) imene sinakonzedwe. Dzina la seva likasowa mu ALLOWED_HOSTS mumalandira 400. Fomu yopanda CSRF token (chizindikiro chotsimikizira kuti fomuyo yachokera pa webusaiti yanu) imabwezedwa ndi 403 view isanagwire ntchito. Palinso ka msampha kena: kutumiza POST (pempho lonyamula za mu fomu) ku adiresi yosowa / kumapeto. APPEND_SLASH imalozera browser ku adiresi yolondola, browser n'kubwerako ndi GET (pempho longotenga tsamba), zonse zimene munthu analemba mu fomu zatayika.

Za urlpatterns, mndandanda wa ma adiresi ndi ma view ake, n'zosavuta: imene yafanana koyamba ndiyo imatengedwa. Mukalemba nkhani/<slug>/ pamwamba pa nkhani/yatsopano/, yachiwiriyo sidzafikiridwa mpaka kalekale, chifukwa slug ndi malo olandira mawu osinthasintha, ndiye imagwiranso mawu akuti yatsopano.

Tsono pempho lafika mu view, ndipo apa m'pomwe sindigwirizana ndi chizolowezi chochitira ntchito iliyonse pomwepo. Worker wamba wa Gunicorn, kagawo kake kogwira mapempho, amatumikira pempho limodzi pa nthawi imodzi. Malangizo a Gunicorn amati chulukitsani ma core kawiri n'kuwonjezera mmodzi, ndiye seva ya ma core 4 imakhala ndi ma worker 9. Anthu 9 akapempha lipoti lalikulu nthawi imodzi, wa nambala 10 amangodikira, ngakhale akufuna tsamba loyamba chabe. Worker akapitirira masekondi 30 asanayankhe amaphedwa, ndipo wogwiritsa ntchito amaona 502 yochokera kwa Nginx. Kutumiza maimelo ndi kupanga ma PDF zipite ku Celery, chida chogwira ntchito zotere kumbali, view ingoyankha kuti ntchito yalandiridwa.

Kuchedwa kwina kumabisala mu template, chikombole cha tsamba. Nkhani 50, iliyonse ikusonyeza dzina la mlembi, ndiye kuti mwafunsa database ka 51: kamodzi kutenga nkhanizo, ka 50 kufunsa alembi mmodzimmodzi. Ikani select_related, imene imatenga nkhani ndi alembi pamodzi, pa query yoyambayo, funso likhala limodzi.