Malikisi a Geekbench si abodza, koma foni sinapose kompyuta

Anthu akumaponya zithunzi za malikisi a Geekbench, pulogalamu yoyesera liwiro la mafoni ndi makompyuta, n'kumati basi, foni yaiposa kompyuta ya pa tebulo. Manambalawo ndi oona. Purosesa (ubongo wa makina) ya A17 Pro, yomwe ili mu iPhone 15 Pro ya 2023, imapeza malikisi pafupifupi 2,900 pa core imodzi (kagawo ka purosesa kogwira ntchito pakokha) mu Geekbench 6, ndipo Ryzen 9 7950X ya AMD, purosesa ya kompyuta ya pa tebulo, imaima chapomwepo. Pamene ndikutsutsa ine ndi pa tanthauzo limene anthu akuwapatsa manambalawa.

Geekbench imayesa liwiro la kanthawi kochepa. Imapatsa purosesa tintchito tifupitifupi, monga kupanikiza fayilo, kutsegula tsamba la intaneti kapena kukonza chithunzi, kenaka imaisiya ipume. Kuyambira pa Geekbench 6.1, kupumako ndi masekondi 5 pakati pa ntchito ina ndi inzake, pomwe kale anali 2, ndipo eni pulogalamuyi, a Primate Labs, anachita dala kuti kutentha kusamasokoneze zotsatira. Choncho chimene mwayesa pamenepo ndi liwiro la foni isanatenthe.

Komatu nkhani yonse yagona pa kutenthako. Magetsi amene purosesa yadya amasanduka kutentha, ndipo kutenthako kuyenera kutuluka. Ryzen 9 7950X anaipangira mawati 170, Core i9-14900K ya Intel imaloledwa kufika pa 253, ndipo pamwamba pake pamakhala chitsulo chachikulu chokhala ndi fani, mwinanso mapaipi a madzi. Foni zambiri zilibe fani. Thupi la foni limatha kutaya mawati 4 kapena 5 okha kwa nthawi yaitali popanda kuwotcha dzanja. Purosesa yake imatha kulumpha kupitirira mawati 10, koma pakangopita mphindi zochepa foni imatsitsa yokha liwiro kuti batire ndi zam'kati zisaonongeke. Akatswiri amati throttling. Kompyuta yozizira bwino imathamanga chimodzimodzi kuyambira m'mawa mpaka madzulo.

Tikafika pa ma core onse pamodzi, kusiyana kumaonekera. A17 Pro ili ndi 6, awiri amphamvu, anayi osunga batire, ndipo imapeza cha m'ma 7,000. Ryzen ija ili ndi 16, onse amphamvu, imafika cha m'ma 19,000. Ngakhale pamenepa Geekbench 6 yaikomera mtima foni, chifukwa imagawira ma core onse ntchito imodzi kuti athandizane, ndiye akachuluka ena amangodikira anzawo. Cinebench, pulogalamu ina yoyesera liwiro yomwe imagwiritsa ntchito core iliyonse mpaka kutheratu, ikanaonetsa mpata waukulu kuposa apa, kungoti siiyenda pa Android kapena pa iPhone.

Za ma GHz, muyeso wa kugunda kwa purosesa pa sekondi, musadzivutitse nazo. A17 Pro imathera pa 3.78 GHz, Core i9 ija imafika pa 6 GHz, koma pa core imodzi sizitalikirana kwenikweni. Core ya Apple imagwira ntchito yambiri pa kugunda kumodzi, n'chifukwa chake kuyerekeza ma GHz a ARM (mapangidwe a purosesa za m'mafoni) ndi a x86 (a Intel ndi AMD) n'kutaya nthawi chabe.

Ngati mukufuna kuyesa nokha, choyamba onetsetsani kuti mbali zonse ziwiri muli ndi Geekbench yofanana. Malikisi a 5 ndi a 6 sasakanizidwa: mu Geekbench 5 muyeso wake unali 1,000 wa Core i3-8100, pomwe mu 6 ndi 2,500 wa Core i7-12700. Foni ivuleni kava, ikhale ndi moto wopitirira theka, isakhale pa tchaja poti kutchaja nakonso kumatenthetsa, ndipo zimitsani setingi yosungira moto wa batire. Muyesere m'chipinda chozizira. Foni yomweyo ikayesedwa masana a Okutobala ku Nsanje singapeze zimene ingapeze m'mawa wa Juni ku Dedza. Yesani katatu, mukuisiya mphindi 10 pakati, mutenge nambala yapakati. Mukatero, yesani kasanu motsatizana osaipumitsa. Malikisi achisanu amenewo muwayerekeze ndi oyamba aja, ndipo muchite chimodzimodzi pa kompyuta. Kutsika kumene muone pa foni ndiye yankho lenileni, loposa chithunzi chilichonse choponyedwa pa Facebook.

Pa mbali ya magemu pali 3DMark Wild Life Extreme Stress Test, imene imabwereza chinthu chimodzi maulendo 20 kwa mphindi 20, n'kukuuzani kuti ulendo woipitsitsa unali maperesenti angati a ulendo wabwino koposa. AnTuTu, pulogalamu inanso yoyesera mafoni, ndiye musaibweretse n'komwe pa mkanganowu. Imaphatikiza purosesa, zithunzi ndi memore kukhala nambala imodzi, ndipo eni ake omwe amanena kuti malikisi a Android ndi a iPhone asayerekezedwe.

Chinanso, opanga mafoni amadziwa kuti anthu amagula poona manambala. Mu 2021 Geekbench inachotsa OnePlus 9 ndi 9 Pro pa mndandanda wake, ndipo mu 2022 inachotsanso Galaxy S22 pamodzi ndi S21, S20 ndi S10, itapeza kuti mafoniwo ankachepetsa liwiro la mapulogalamu ambiri otchuka koma n'kumasiya oyesera liwiro athamange momasuka.

Kwa munthu amene ntchito yake ndi WhatsApp, kutsegula masamba ndi kujambula zithunzi, malikisi a core imodzi akunena zoona ndithu, poti ntchito zimenezo ndi za masekondi ochepa ndipo foni yapamwamba imazichita mofulumira ngati kompyuta yodula. Koma ngati mumakonza mavidiyo a ukwati, tengani vidiyo imodzi ya 4K ya mphindi 30, muitulutse pa makina onse awiri ndi masetingi ofanana, wotchi ili m'manja, ndipo pa mphindi ya 10 mugwire kumbuyo kwa foniyo.