Malire ndi msewu, koma za kafukufuku tinasiyana njira

Pa Lizulu malire ndi msewu wa M1: kachewere mugula ku Malawi, chenje n'kukapeza ku Mozambique. Ine ndi msuweni wanga wa ku Ulongwe, m'boma la Angónia ku Mozambique, timayankhula Chichewa chimodzi, tonse tinaphunzira zachipatala. Kusiyana kwathu kunaonekera titayamba kusaka maphunziro a kafukufuku wa zaumoyo.

Kuno ku Malawi mwayi uli pafupi. Kuchoka pa Dedza, minibasi imodzi mwafika ku Lilongwe, kumene kuli malo a kafukufuku a UNC Project pa chipatala cha Kamuzu Central. Kumeneko komanso ku Blantyre kunachitikira mbali ya kafukufuku wa HPTN 052, uja anaonetsa mu 2011 kuti kuyamba msanga ma ARV kumachepetsa kupatsirana HIV m'banja ndi 96 peresenti. Ndondomeko ya Fogarty ya ku America, yomwe inayamba mu 2004, inkatumiza ophunzira a ku America kumayiko ena kukachita kafukufuku kwa chaka chathunthu, aliyense n'kumuphatikiza ndi mnzake wa dziko lomulandiralo. A ku Zambia njira yawo ndi yofanana ndi yathu, kudzera ku malo a kafukufuku a CIDRZ ku Lusaka. Chingerezi chimatithandiza tonse polemba kalata yopempha malo.

Msuweni wanga zake n'zina. Malo a kafukufuku otchuka kwawo ndi CISM ku Manhiça, pafupi ndi Maputo, ulendo wa makilomita oposa 1,000 kuchokera ku Angónia. Sukulu yonse anaphunzira m'Chipwitikizi, pomwe mapepala a sayansi amafuna Chingerezi. Poyamba ndinkamumvera chisoni.

Koma taonani zomwe a Manhiça anachita. Malowa anatsegulidwa mu 1996 mothandizidwa ndi dziko la Spain, ndipo anazolowera kutenga achinyamata ongomaliza digiri, kuwasula pa ntchito pomwepo, kuwatumiza ku Barcelona kukachita masters ndi PhD, kenako n'kubwerera. Ena mwa iwo anadzatsogolera malowo, monga Eusébio Macete. Katemera wa malungo wa RTS,S, amene ife tinayamba kubaya ana mu 2019, zotsatira zake zoyamba zolimbikitsa pa ana zinachokera komweko mu 2004.

Sindikunyoza zathu ayi. Malawi-Liverpool-Wellcome, yochita kafukufuku ku Blantyre, nayo yasula akatswiri ambiri. Chimene chimandiwawa ndi maphunziro a chaka chimodzi aja. Mlendo wa ku America amabwerera kwawo ntchito ikumudikira, mnzake wakuno chaka chikatha amayambanso kugogoda pakhomo pa pulojekiti ina. Msuweni uja pano akulimbana ndi Chingerezi usiku uliwonse, mabuku ake ndine ndimamupatsira pa Biriwiri.