Akaidi akathawa: Uganda anatuma asilikali, Kenya anayamba ndi oyang'anira ndende

Mu Seputembala 2020 akaidi 219 anathawa m'ndende ya ku Moroto, kumpoto chakum'mawa kwa Uganda. Anathyola nyumba yosungiramo zida, natenga mfuti zosachepera 15, kenako anakwera phiri la Moroto. Ambiri anavula yunifomu yawo yachikasu n'kuthamanga ali maliseche, podziwa kuti chikasu chimaonekera patali m'tchire. Boma silinazengereze: linatuma asilikali a nkhondo a UPDF, ena pansi ena pa helikoputa. Panaomberanadi, ndipo anthu anafa mbali zonse ziwiri.

Sindingawadzudzule msanga a ku Uganda. Munthu amene wanyamula mfuti n'kulowa m'mapiri a Karamoja, dera limene akuba ng'ombe akhala akuvutitsa ndi zida kwa zaka zambiri, simungamutumizire woyang'anira ndende wa chibonga chokha. Koma msilikali anaphunzira kugonjetsa mdani, pomwe wothawa ndende amafunika kugwidwa wamoyo kuti akaonekere kukhoti. Ngakhale pankhondo yeniyeni, Pangano la Geneva la 1949 limati kuombera mkaidi wa nkhondo amene akuthawa ikhale njira yotsiriza, ndipo ayambe wachenjezedwa. Nanga bwanji munthu wamba, mwina amene mlandu wake sunazengedwe n'komwe?

Ku Kenya zinayenda mwina. Mu Novembala 2021 amuna atatu omangidwa pa milandu ya uchigawenga anatuluka m'ndende ya Kamiti ku Nairobi. Mmodzi anali Mohamed Ali Abikar, amene anapezeka wolakwa pa chiwembu cha ku yunivesite ya Garissa cha 2015 chimene chinapha anthu 148. Anagumula khoma la chipinda chawo, natsika mpanda ndi chingwe cha mabulangete. Boma linalonjeza mphoto ya mashilingi 60 miliyoni, nkhope zawo zinali paliponse, ndipo patangopita masiku ochepa anthu a ku Kitui anawazindikira natsina khutu apolisi. Onse atatu anabwerera ku Kamiti amoyo.

Inde, anthu atatu opanda mfuti si chimodzimodzi ndi khamu la 219. Komabe chimene chimandigwira mtima ku Kenya ndi komwe mkwiyo wa boma unalunjika. Oyang'anira ndende ena anamangidwa, ndipo Pulezidenti Uhuru Kenyatta anachotsa mkulu wa ndende zonse, a Wycliffe Ogallo, naika m'malo mwake a John Warioba, amene anali msilikali wopuma. Funso loyamba linali lakuti ndani anagona pantchito, kapena ndani anadya kanthu.

Kumadzulo kwa Uganda kuli dziko la DRC, kumene kuyesa kuthawa ndende kunathera m'maliro ochuluka. Pa 2 Seputembala 2024, ku ndende ya Makala ku Kinshasa, yomangidwira anthu 1,500 koma yosunga oposa 12,000, anthu 129 anafa pamene akaidi amayesa kuthawa. Boma lenilenilo linavomera kuti 24 anafa ndi zipolopolo, ndipo ambiri mwa otsalawo anapondana kapena kubanika mumdima wa usikuwo.