Golide kapena Bitcoin? Ine ndikufunsa kaye za ngongole ya boma

Mphwanga wandisowetsa mtendere sabata yonseyi ndi nkhani ya Bitcoin, ndalama ya pa intaneti imene siyendetsedwa ndi boma kapena banki iliyonse, akuti ndiziikamo ndalama zanga. Loweruka tili pakhonde, wanditulutsira foni, timizere tobiriwira ndi tofiira tikukwera n'kumatsika, iye nkumati, "Achimwene, kusunga kwacha ndi kutungira madzi m'dengu." Pamenepo sindinamutsutse. Mu Novembala 2023 ndinali ndi kandalama kubanki koti ndigulire malata a nyumba yakumudzi. Tangodzuka tsiku lina kumva kuti Reserve Bank yagwetsa kwacha ndi 44 peresenti, dola yachoka cha pa K1,180 kufika cha pa K1,700. Mu akaunti simunachoke ngakhale tambala, koma nditafika ku hadiweya ndinapeza kuti chipinda chimodzi chikhala chosafolera. Mu Meyi 2022 kwachayo inali itagwetsedwa kale ndi 25 peresenti.

Tsono kuti kwacha ikudontha tikugwirizana. Pamene tikusiyana ndi poti iye akungoganiza za kothawira, osafunsa amene akuboola dengulo.

Boma likamawononga zambiri kuposa zimene MRA yatolera, limabwereka. Akunja akatseka chitseko, limatembenukira kwa mabanki akonkuno kudzera m'ma Treasury bill ndi ma bondi, mapepala a ngongole amene boma limagulitsa polonjeza kubweza ndi chiwongoladzanja. Kwa mwini banki, boma ndi kasitomala wokoma kwambiri: chiwongoladzanja chambiri, ndipo silithawa mudzi. Nanga angavutikirenji ndi mayi wa tomato pa Lizulu amene akufuna ndalama ya pampu yothirira? Mitengo ikamakwera, Reserve Bank imakweza chiwongoladzanja chake kuti anthu achepetse kubwereka, ndipo mu Febuluwale 2024 chinafika pa 26 peresenti. Koma wobwereka wamkulu ndi boma lomwelo, ndipo ilo silisiya. Limangolipira zambiri, kenaka n'kubwerekanso kuti lilipire chiwongoladzanja cha ngongole yadzulo. Mankhwala akumwa ndife, wodwala ali phee. A ku Zambia anaziona mu 2020 pamene boma lawo linalephera kulipira ngongole yakunja, ndipo ku Ghana kumapeto kwa 2022 anthu amene anabwereketsa boma lawo anauzidwa kuti adikire zaka zina ndi kulandira chiwongoladzanja chochepa.

Matendawa si a osauka okha ayi. Ngongole ya boma la America inadutsa madola 36 thililiyoni mu 2024. Mpaka mu 1971 dola inali yomangidwa ku golide pa mtengo wa madola 35 pa aunsi imodzi (magalamu pafupifupi 31), ndiye pulezidenti wa dzikolo Richard Nixon anadula chingwecho. Mu 2025 aunsi yomweyo inadutsa madola 4,000. Golideyo sanabereke ana, ndi yemweyo. Chimene chapepuka ndi pepala.

Apa ndi pamene ndinamufunsa mphwanga funso limene sanayankhe mpaka pano. Anthu amene amasindikiza ndalama, iwowo akusunga chiyani? Kuyambira 2022 mpaka 2024 mabanki aakulu a maboma anagula golide woposa matani 1,000 chaka chilichonse, a ku China, Poland, India ndi Turkey ali patsogolo. Anaona chuma cha Russia chimene chinali m'mabanki a kwa azungu chitatsekeredwa nkhondo ya ku Ukraine itayamba, n'kuzindikira kuti chili m'nyumba ya mnzako si chako. Bitcoin ndiye ayi. El Salvador, dziko la ku Central America, inayesa kuisandutsa ndalama yovomerezeka mu 2021, koma itafuna ngongole ya IMF inabwerera m'mbuyo, n'kusiya kukakamiza amalonda kuilandira.

Sindikunyoza Bitcoin. Mfundo yake ndi yanzeru: ma Bitcoin onse padziko sadzapitirira 21 miliyoni, ndipo palibe nduna ya zachuma imene ingaonjezere ina usiku chisankho chikayandikira. Amene anagula kale n'kupirira anapindula zedi. Koma chinthu chimene mu Novembala 2021 chinali cha pa madola 69,000, n'kupezeka chili cha pa 16,000 patangotha chaka, msika waukulu wa ndalama za pa intaneti wotchedwa FTX utagwa, ine sindingaikemo fizi ya mwana. Sukulu siyembekezera kuti mzere wofiira usanduke wobiriwira. Komanso tinene zoona, anyamata ambiri kuno amene amati ali mu crypto (ndalama za pa intanetizi) akugula USDT, imene ndi dola yomweyo itangovala malaya ena. Akusaka dola imene kubanki kulibe, basi. Za magulu a pa WhatsApp olonjeza kuti ndalama ichulukana kawiri pamwezi sinditayirapo nthawi, amenewo ndi akuba.

Ndiye mukandipanikiza kuti ndisankhe, ndisankha golide. Koma musathamange. Anzathu a ku Zimbabwe anatulutsa ndalama yachitsulo yagolide ya Mosi-oa-Tunya mu 2022, ndipo mu Epulo 2024 anabweretsa ZiG, ndalama imene ankati kumbuyo kwake kuli golide. Pofika Seputembala chaka chomwecho ZiG inali itagwetsedwa ndi maperesenti oposa 40. Golide anali m'nkhokwe ndithu, koma anthu sanakhulupirire wosunga makiyi. Kwathu kuno Reserve Bank inayamba kugula golide kwa okumba ang'onoang'ono mu 2021 kudzera ku bungwe lake la Export Development Fund, ndipo ndi ganizo labwino, kusiyana n'kuti golide wa ku Makanjira azingotulukira njira zachidule. Koma ngati dzanja lamanja likuunjika golide pamene lamanzere likusainira ngongole, tingokhala ngati Harare.

Ndipo munthu wamba ngati ine golideyo ndikamugula kuti? Wina adzakubweretsera fumbi lonyezimira m'kabotolo ka mankhwala, iwe ulibe sikelo, ulibe chiphaso, sudziwa kusiyanitsa golide ndi mkuwa. Tsiku logulitsa wogula ndi amene adzakuuze mtengo.

Mphwanga anaseka nditamuuza kuti ndalama yotsala ya chaka chino ndagula matumba a simenti ndi mbuzi zitatu. Akuti ndine wachikale. Mwina. Imodzi mwa mbuzizo ili ndi bere, ndipo iye wandipempha kale kuti ndimubwereke K20,000 ya bandulo mpaka mwezi uthe.