Kompyuta ikakana kuyaka, musayambe ndi kufomata

Abale anga a kuno ku Zomba, pali nkhani yomwe yandikhala pamtima kuyambira Loweruka lapitali. Ndi chizolowezi chija choti kompyuta ikangovuta, mawu oyamba kutuluka pakamwa pa wokonza amakhala akuti, "Windows yafa, tifomate basi." Kufomata ndi kufufuta zonse za m'kompyuta n'kuikamo Windows yatsopano. Ine chizolowezi chimenechi ndikuchikana, chifukwa chikutayitsa anthu zinthu zomwe sangazipezenso ngakhale atakhala ndi ndalama.

Alamu anga, akazi a achimwene anga aakulu, ali ndi kashopu kotayipa, kupulinta ndi kufotokopa ku Chikanda. Amene mumakudziwa ku Chikanda mukudziwanso kuti makasitomala ambiri kumeneko ndi ophunzira a ku yunivesite. M'kompyuta ya alamu muli ma CV a anthu, makalata ofunsira ntchito, makadi a ukwati ndi a chinkhoswe, mapulogalamu a maliro, komanso ntchito za ophunzira omwe alibe laputopu ndipo amadalira kuti zawo zisungike pomwepo. Kompyutayo ndi Dell OptiPlex yakale, yogula itagwirapo kale ntchito kwina. Kwa masabata awiri inkangozima pakati pa ntchito, nthawi zina sikirini n'kusanduka yabuluu, kenako n'kudziyatsanso yokha. Lachisanu madzulo kunatsika mvula yamabingu yochokera kuphiri, magetsi n'kuthima. Loweruka m'mawa atadina batani, fani inazungulira, koma pa sikirini panali bii, ndipo kanyali ka pa batani kankangophethira kuwala kwa mtundu wa lalanje.

Pamene ndimafika ndinapeza mnyamata wina atatsegula kale bokosi, sikuludalaiva ili m'manja, akufuna kuchotsa hadi disiki, kachipangizo kosunga mafayilo onse, kuti akaifomate kwawo ndi kuikamo Windows yatsopano. Ndinamufunsa kuti, "Achimwene, chizindikiro cha Dell chija chikumaoneka pa sikirini mukayatsa?" Anati ayi, sichikuoneka. Ndiye ndinati, "Nanga Windows mwaiweruza bwanji kuti yafa, pomwe kompyuta sinafike n'komwe pakhomo pake?"

Apa ndi pomwe pagona nkhani yonse, ndipo ndikupempha aliyense amene ali ndi kompyuta ya pa desiki amvetse kamodzi kokha. Mukadina batani, choyamba kudzuka ndi power supply, kabokosi kachitsulo ka kumbuyo komwe mumalowetsa chingwe. Ntchito yake ndi kusandutsa magetsi athu a 230V kukhala timagetsi tating'ono ta 12V, 5V ndi 3.3V tomwe zipangizo za mkati zimadya. Kenako mazabodi, bolodi yaikulu yomwe zipangizo zonse zimalumikizidwapo, imadzuka, ndipo kapulogalamu kake kotchedwa BIOS kamayendera purosesa (ubongo wa kompyuta), RAM (timitengo tosunga kwa kanthawi zomwe kompyuta ikugwirapo ntchito) ndi mbali yotulutsa zithunzi kuti kaone ngati zonse zili moyo. Zikakhala bwino m'pamene chizindikiro cha Dell, HP kapena Lenovo chimaoneka. Zonsezi zikatha, kompyuta imapita kukafufuza hadi disiki, ndipo Windows imabwera pamapeto penipeni. Minibasi ikakana kulira ili pa depoti ya Zomba, palibe dalaivala amene anganene kuti vuto ndi msewu wa pa Namadzi. Pomwe kompyuta yaima ndi pomwe muyenera kuyambira kufufuza matenda ake.

Kanyali kophethira kaja si kokongoletsa. Makompyuta a Dell amawerengera vuto lawo mwa kuphethira kangapo, kupuma, n'kuphethiranso. Ena amalira tii, tii, tii kudzera m'kasipika ka mkati. Kawerengedwe kake kamasiyana malinga ndi kampani ndi mtundu wa makinawo, choncho werengani kuti kaphethira kapena kalira kangati, kenako fufuzani pa intaneti pogwiritsa ntchito dzina ndi nambala ya kompyuta yanuyo. Makina akudziuza okha pomwe pakupweteka, ife n'kumathamangira fulashi yoikira Windows.

Tinachita motere. Tinazula chingwe kukhoma, n'kudina batani loyatsira kwa kanthawi kuti magetsi otsalira mkati athe. Ndisanakhudze kanthu ndinagwira kaye chitsulo cha bokosi kuti magetsi a m'thupi, aja amathetheka mukavula juzi, asaphe kachipangizo. Zomwe tinaona mkati, abale! Fumbi linali litamatirira pa fani ya purosesa ngati thonje lakuda, timipata ta chitsulo choziziritsa titatsekeka tonse, ndi ukonde wa kangaude pakona. Fumbi limeneli ndi la m'chilimwe, la miyezi ya Seputembala ndi Okutobala pomwe njinga zamoto zimalimwaza mpaka m'mashopu. Mvula ikayamba mu Novembala kapena Disembala, chinyezi cha kuno kunsi kwa phiri chimalinyowetsa, ndiye limasanduka kamatope komamatira pa timano ta zipangizo. Tinalichotsa ndi bulashi yofewa yopentera, panja, titagwira fani ndi chala kuti isazungulire.

Munali timitengo tiwiri ta RAM, ta mtundu wa DDR3. Tinakankha timaloko ta m'mbali, n'kutichotsa tonse tiwiri. Timano take tagolide tinali titachita dzimbiri lotuwa. Alamu anatenga labala woyera pa shelefu yomwe amagulitsirapo mapensulo, ndipo tinapukuta timanoto pang'onopang'ono mbali zonse mpaka tinayamba kuwala, n'kupemerera zinyenyeswa za labala. Tinabwezeretsa kamodzi kokha, kukanikiza mpaka timaloko tinati khethe tokha. Titayatsa, chizindikiro cha Dell chinatulukira. Alamu anaomba m'manja. Tinazimitsanso, kuchotsa kameneko n'kuika kanzake pamalo omwewo: sikirini bii, kanyali kayambanso kuphethira. Tinabwereza kawiri kuti tisanamizire kanthu kosalakwa, zotsatira zake zinali zomwezo. Kamtengo kamodzi ka RAM kanali katafa, ndipo n'kutheka kuti kanayamba kudwala kale, n'chifukwa chake sikirini inkasanduka yabuluu masabata awiri aja.

Titabwezeretsa kamtengo kabwino kaja, kompyuta inayaka koma inadandaula kuti tsiku ndi nthawi sizili bwino. Limenelo ndi vuto la kabatire kozungulira ngati ndalama yachitsulo ka pa mazabodi, ka nambala CR2032, ka 3V, komwe mungakapeze kwa ogulitsa mabatire a mawotchi. Musakapeputse kabatire kameneka. Kakatha, BIOS imaiwala zomwe inauzidwa. Pa makina ena imasintha ngakhale njira yolankhulirana ndi hadi disiki, kuchoka pa AHCI kupita pa ina, ndiye Windows yabwinobwino imagwa ndi uthenga wa INACCESSIBLE_BOOT_DEVICE. Munthu wosadziwa akaona uthenga umenewu amafomata, pomwe mankhwala ake ndi kabatire katsopano ndi kubwezera mzere umodzi mu BIOS.

Windows inatsegula, mafayilo onse ali m'malo mwake. Tisanachite china chilichonse ndinawauza alamu kuti tikopere zonse zofunika mu fulashi yaikulu. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa linapendeka.

Ndikudziwa kuti si kompyuta iliyonse yomwe imachira ndi labala. Ikakhala kuti ili zii, fani siikuzungulira, nyali palibe, yambani ndi zinthu zooneka ngati zachibwana: soketi, ekisitenshoni, ndi fyuzi ya m'pulagi, poti mapulagi athu a mano atatu amakhala ndi fyuzi mkati. Sinthani chingwe, cha monita nthawi zambiri chimalowa bwinobwino. Makina ambiri a OptiPlex ali ndi kabatani koyesera kumbuyo kwa power supply ndi kanyali kobiriwira pambali pake. Mukadina kabataniko, kanyaliko osayaka, mwayandikira pomwe pali vuto. Pa makina akale ochokera ku America yang'ananinso kaswichi kofiira kolembedwa 115 ndi 230. Kuno kayenera kukhala pa 230, apo ayi mumva kuphulika ndi fungo lopserera mukangolumikiza. Koma chonde, power supply musaitsegule. Mkati mwake muli zipangizo zosunga magetsi ngakhale mutazula kukhoma, ndipo zingakuvulazeni. Ikafa imangosinthidwa yonse.

Ikakhala kuti imayaka bwino koma pakapita mphindi zingapo n'kuzima yokha, makamaka masana kukatentha, ganizirani za kutentha kwa purosesa. Imadzizimitsa dala kuti isapse. Onani ngati fani ikuzungulira, chotsani fumbi, ndipo phala lotuwa lija lomwe limapakidwa pakati pa purosesa ndi chitsulo choziziritsa likauma, lipukuteni n'kupaka latsopano, kadontho kochepa ngati njere ya nandolo. Yang'ananinso timigolo ting'onoting'ono toimirira pa mazabodi. Pamwamba pake payenera kukhala pafulati. Tikatupa kapena kutuluka zinthu zofiirira, mazabodi ndiyo yadwala.

Pali mtundu umodzi wa vuto womwe ndikufuna muuope kwambiri. Chizindikiro cha kampani chaoneka, kenako pabwera mawu akuti No boot device found, ndipo mukatchera khutu pa bokosi mukumva kuti tcheke, tcheke, tcheke. Zimitsani nthawi yomweyo. Hadi disiki ikufa, ndipo kuyatsa kulikonse kukukanda mbale za mkati mwake zomwe zasunga zinthu zanu. Ngati phokoso palibe, onani kaye chingwe cha SATA, cholumikiza disiki ku mazabodi, ngati sichinasololoke, ndi kuona mu BIOS ngati disikiyo ikuoneka. Ikaoneka, pali njira yopulumutsira mafayilo ngakhale Windows itakaniratu: kuyatsa kompyuta kuchokera pa fulashi ya Ubuntu, pulogalamu ina yoyendetsa kompyuta ngati Windows, popanda kuiika m'makina, n'kukopera zanu zonse, kapena kuchotsa disikiyo n'kuilumikiza ku kompyuta ina ngati yachiwiri. Mnyamata uja akanatha kuchita zimenezi kwawo ndi disiki yomweyo yomwe amafuna kufufuta.

Mwina mukudabwa kuti bwanji nkhaniyi ndaitenga ndi mtima wonse chonchi. Zaka zapitazo ndinapititsa kompyuta yanga kwa wokonza wina m'tauni muno. Munali zithunzi za ukwati wa mlongo wanga, ndi mawu a malemu agogo anga omwe ndinawajambula pa foni akufotokoza za mtundu wathu ndi komwe makolo awo anachokera. Ndinali nditawasamutsira m'kompyuta poganiza kuti ndi mosungika. Madzulo ndinapeza kompyuta ikuyenda bwino, yoyera ngati yatsopano, mulibe kanthu. Sanandifunse. Patatha masiku ochepa inayambanso kuzima monga kale, kusonyeza kuti vuto silinali Windows. Zithunzi zina tinazitola kwa abale, koma mawu a agogo anapita, ndipo mpaka lero zimandiwawa.

Sindikunyoza anyamata okonza makompyuta. Ambiri anaphunzira okha, akusaka ya ufa monga tonsefe, ndipo makasitomala enafe timawakakamiza kuti "ndikuifuna lero lomwe." Kufomata n'kofulumira, ndipo kompyuta imaoneka ngati yachira. Ndikuvomerezanso kuti ilipo nthawi yomwe kuika Windows yatsopano ndiye njira yoyenera, monga pamene mavairasi adya mafayilo ake kapena pamene mwasintha disiki. Koma zichitike pamapeto, RAM itayesedwa ndi Windows Memory Diagnostic kapena MemTest86, thanzi la disiki litaonedwa ndi kapulogalamu ngati CrystalDiskInfo, mafayilo atakoperedwa, ndipo mwiniwake atavomera ndi pakamwa pake. Windows yatsopano pa RAM yodwala idzagwanso, ndipo pa disiki yomwe ikufa mumangoifulumizitsa imfa. Inu eni makompyuta, musachite manyazi kufunsa kuti, "Mwapeza kuti vuto ndi chiyani, ndipo mwayesa bwanji?" Ngati wina wakufomatirani kale mwangozi, lekani kuigwiritsa ntchito kompyutayo pompo. Pa hadi disiki yakale ija ya mbale, mapulogalamu ngati PhotoRec amatha kutola zina ngati simunalembe zatsopano pamwamba pake.

Mnyamata uja sanachoke. Anakhala nafe, anagwira tochi, ndipo kabatire anakagula ndi iyeyo. Pochoka anafunsa dzina la pulogalamu yoyesera RAM, n'kulilemba m'foni mwake. Ndinamulemekeza chifukwa cha zimenezo.

Alamu ndawapempha zinthu ziwiri. Mitambo ikayamba kuda pamwamba pa phiri ndi kumveka mabingu, azizimitsa bwinobwino n'kuzula pulagi kukhoma, osangotseka swichi ya pa soketi, chifukwa mphenzi imadumpha kampata kakang'ono koteroko. Magetsi akathima azizulanso, ndipo akabwera azidikira mphindi zingapo asanalumikize. Bokosi talichotsanso pansi pomwe limapuma fumbi la tsache, taliika pa tebulo. Za UPS, kabokosi ka batire kothandiza kuti kompyuta isazime magetsi akathima, akuti aganizira mwezi ukatha.

Lolemba m'mawa kunabwera mtsikana wa chaka chomaliza kudzapulinta mutu wachitatu wa kafukufuku wake, womwe unali m'kompyuta yomweyo basi, poti fulashi yake inasowa. Anaupeza. Pakadali pano makinawo akuyenda ndi kamtengo kamodzi ka RAM, ndiye akuchedwa mukatsegula zinthu zambiri nthawi imodzi. Ngati alipo kuno ku Zomba amene ali ndi DDR3 ya 4GB ya kompyuta ya pa desiki, osati ya laputopu, andipeze ku inbox, tikaiyesere limodzi ku Chikanda tisanagulane.