Malume ndi Chithunzi cha pa Chitsulo

MALUME: Mphwanga, lata wakhoma pakhomali ukutseka nalo bowo lanji?

MPHWAWO: Si lata malume, ndi chithunzi. Ndaitanitsa pa intaneti.

MALUME: Chithunzi cha ndani? Ine ndikungoona buluu yekhayekha ndi kamzere kotuwa pakati. Kapena mwini wake anathawa kamera?

MPHWAWO: Ndi mmene chilili basi. Anapenta ndi Barnett Newman wa ku New York, mu 1953. Amachitchula Onement VI.

MALUME: Sikisi? Ndiye kuti analephera kasanu konse, achibale ake osamuletsa?

MPHWAWO: Luso lake ndi lomwelo. Umachotsa zonse zosafunika, kutsale mtundu ndi mzere.

MALUME: Kuchotsako anachotsadi. Wafika mpaka m'thumba mwako.

MPHWAWO: Musaseke. Chenichenicho anachigulitsa ku Sotheby's, kampani ya okushoni, mu 2013, madola 43.8 miliyoni.

MALUME: (akhala pampando) Kamzere komweka?

MPHWAWO: Komweko.

MALUME: Ndiye iwe ndalama zimenezo wazitenga kuti? Si iwe unauza mayi ako kuti ya feteleza ayambe adikira?

MPHWAWO: Changachi ndi chokopera, malume. Amasindikiza papepala, kenako pepalalo amalipanikiza pa aluminiyamu ndi makina otentha kwambiri, inki n'kulowerera. Sichichita dzimbiri, chiswe sichingadye, chikada mumangopukuta ndi kansalu konyowa.

MALUME: (agogoda ndi chala, ngo ngo ngo) Iii, koma chitsulo chokha ndiye n'chabwino. Apa pangatuluke zivundikiro za mapoto ziwiri, kotsalako n'kukhala kowolera phulusa. Wachitsuloyu ntchito amaidziwa. Wamuwonongera ndi wapentiyu.

MPHWAWO: Malume, mukuchitsitsiranji? Bwezerani! Mzerewo umayenera kuimirira.

MALUME: Khala chete, ona. (achigoneka chammbali) Eyaa! Kumwambaku thambo, pansipa madzi. Senga Bay yeniyeni iyi. Munthuyu anajambula nyanja, inu ndi amene mwakhala mukupachika molakwika zaka zonsezi. Pangosowa bwato ndi mayi woyanika usipa.

MPHWAWO: Sipakusowa chilichonse!

MALUME: Bwato limodzi lokha, sindikulipiritsa. Kapena ukuopa kuti Newman wakoyo akwiya? Muimbire, ndiyankhule naye ndekha.

MPHWAWO: Anamwalira mu 1970.

MALUME: Pepa kwambiri. Ndiye palibe wodandaula. Tabweretsa msomali.