Nyenyezi ya ku Uruk yalowa mu foni

Ngati pamalo apa 𒀭 mukungoona kabokosi, foni yanu sinaonongeke ayi, ikungosowa font, ndiko kuti kalembedwe kamene foni imagwiritsa ntchito poonetsa zilembo. Amene mukuona kanthu konga nyenyezi, chimenecho ndi chilembo chomwe anthu a ku Uruk, m'dziko lomwe lero ndi Iraq, ankalemba ndi bango padongo laliwisi zaka pafupifupi 5,000 zapitazo.

M'Chisumeri, chilankhulo chakale cha kuderalo, chimawerengedwa an, kutanthauza kumwamba, kapena dingir, mulungu. Aakadi, mtundu wina wa anthu a kuderalo, atatengera kalembedwe kameneka ankachitchula ilu. Alembi ankachiikanso kutsogolo kwa dzina la mulungu, monga Enlil kapena Inanna, koma osachitchula powerenga. Chinkangomutsina khutu wowerenga kuti dzina likubwerali si la munthu wamba.

M'chaka cha 2006, Unicode, ndondomeko yomwe imapatsa chilembo chilichonse nambala kuti makompyuta ndi mafoni azichizindikira, inachipatsa nambala yake, U+1202D, ndi dzina loti CUNEIFORM SIGN AN. Nambala ndi imodzi basi, ndipo nkhani yanga yagona pamenepa.

Chilembochi sichinakhale ndi nkhope imodzi. Chinayamba ngati nyenyezi yeniyeni, koma pofika nthawi ya Ashurbanipal, mfumu ya Asuri, mumzinda wa Nineveh, cha m'ma 600 BC, chinali chitasanduka timizere tochepa topingasana, unyenyezi wonse utatha. Wina atha kunena kuti nkhope iliyonse ikanapatsidwa nambala yake. Ine ndikukana. Kodi "a" wolemba agogo anu pakalata ndi "a" wa m'nyuzipepala ndi zilembo ziwiri? Wophunzira akafuna kupeza paliponse pomwe AN akupezeka, kaya m'malemba a mumzinda wakale wa Ur kaya a ku Nineveh, afufuze kamodzi n'kupeza zonse. Za maonekedwe azisiyire font.

Chondinyansa chilipo ndithu. Font yomwe ambiri tili nayo, Noto Sans Cuneiform, imaonetsa nkhope yakale ija ya nyenyezi. Ukalemba nayo mawu a Asuri a ku Nineveh, umawaveka zovala za makolo awo akalekale, ndipo foni siikuuza. Munthu wopita ku British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale ku London, atakaona phale lenileni la ku Nineveh akhoza kulephera kuzindikira chilembo chomwe amachiona tsiku lililonse pa sikirini, mwina mpaka kumakangana ndi wosamalira zinthuzo kuti alakwitsa kalembera.